Milu Itatu ya Mwanaidi

Ndinamupeza pa siteshoni atakhala pa miyala ya m'mbali mwa njanji, kabokosi ka malata kali pamiyendo. Sitima yochokera ku Balaka inali itapita kale. Amene anatsika anali atabalalika ndi timatumba tawo ta madeya, koma iye ankayang'anabe pamene zitseko zinatsegukira.

"Mwanaidi, tiye kwathu."

Sanayankhe. Unali mwezi wachiwiri asakuyankha munthu aliyense. Ndinamunyamula n'kumukhazika pa kaliyala. Mwana wanga wa zaka zisanu ndi zinayi, koma njinga sinadziwe n'komwe kuti takwera awiri.

Munali mu Malichi, chaka cha 2002. Ine ndine Usumani, wokhoma malata pa Nsanama: zidebe, mbaula, zothirira m'dimba. Chaka chimenecho panalibe wofuna chidebe chatsopano. Anthu ankabwera ndi zawo zakale, kufunsa ngati ndingasinthe ndi mbale ya madeya.

Kunyumba ndinaphika tidzungu tiwiri tosakhwima n'kuika pamphasa. Mwanaidi anakoka mbale, monga ankachitira tsiku lililonse. Anadula ndi chala mosamala n'kuunjika milu itatu. Umodzi anakankhira kwa ine. Wina anasiya patsogolo pake. Wachitatu anauika m'kabokosi n'kutseka. Kenako anayang'ana mulu wake, naugawanso pakati, n'kuwonjezera m'kabokosi muja.

"Idya wonse," ndinatero.

Anadya nyenyeswa ziwiri, basi.

Kabokosi kameneko ndinakakhoma ndekha, ndisanakwatire. Mayi a Mwanaidi, Mwajuma, anabwera kanayi pamalo anga ndi chidebe chimodzimodzi chodontha. Ulendo wachinayi ndinaona kuti bowolo ndi la msomali, ndipo lobowoledwa kuchokera mkati. Ndinamata osanena kanthu. Mawa lake ndinamupangira kabokosi koikamo singano ndi ulusi, chivundikiro chake ndinachikongoletsa ndi timadontho ta nyundo. Anakatembenuza m'manja n'kuseka.

"Ndiye kufunsira kwanu n'kumeneku, Che Usumani? Chabwino. Kauzeni nyundo yanu kuti ndavomera."

Zaka khumi ndi ziwiri ankalankhulira tonse awiri. Wogula akabwera ankayankha ndi iye. Tikayambana, ankanena mbali yake, kenako n'kunenanso yanga, ndipo nthawi zina ankandipambanitsa. Masana ankakhala pakhonde kuluka Mwanaidi tsitsi, awiriwo pakamwa osapuma, ine ndikukhoma chapafupi. Sindinkamva zonse. Ndinkangodziwa kuti pakhomo pali anthu.

Mu Januwale anapita ku Balaka ndi amayi anzake, atamva kuti kwafika chimanga. Anagona pamzere masiku anayi. Tsiku lachisanu kolera inamugwira. Uthenga utandipeza ndinapita ndi mlamu wanga Sufiyani, koma tinapeza azaumoyo ataika kale. Maliro a kolera sankadikira abale. Kumudzi analetsa kusonkhana. Sadaka inalephereka, panalibe choti n'kuphika. Amayi analira masana amodzi okha, ana atawatumiza kutsidya kukatola nkhuni, chifukwa kwathu mwana sauzidwa za imfa; amati wapita ulendo, adzazindikira yekha akakula.

Mwanaidi pobwera ndi nkhuni anandithamangira.

"Baba, amama ali kuti?"

"Ali ku Balaka."

"Abwera liti?"

Ndinatola nyundo.

*

Lachisanu lotsatira tsiku la pa siteshoni lija, titachoka ku mzikiti, Sufiyani anabwera nane kunyumba. Ndiye mlongo wake wa Mwajuma, mwini mbumba, ndipo mudzi umene ndinkakhalamo unali wa kwawo. Mayi Clementina, oyandikana nafe, mnzake wa Mwajuma wa pamtima ngakhale iwo ngakatolika, anabwera okha osaitanidwa. Mwanaidi anakhala patsinde pa mpapaya, kutali pang'ono, akuzula tsitsi lake limodzilimodzi. Pamwamba pa khutu panali patayera kale.

"Alamu, ndilankhule ine, poti inu pakamwa munamata ndi mtovu," anayamba Sufiyani. "Mwanayu walowedwa majini. Amapita kunjanji dzuwa lili paliwombo, nthawi imene zinthu zimayenda. Wakumana nazo."

"Majini ake ati, Che Sufiyani?" anatero mayi Clementina. "Jini lilowe m'mimba mopanda kanthu, likadye chiyani? Ndi njala iyi. Yachoka m'mimba, yakwera kumutu."

"Ana onse m'mudzi muno ali ndi njala, mayi. Anga akulira mpaka makutu kuwawa. Wosalankhula ndi mmodzi yekha."



"Ashehe anabwera," ndinatero.

"Anabwera, inde. Anamupempherera, anamumwetsa madzi a mawu oyera. Ndiye?" anatero Sufiyani.

"Anati tipitenso kuchipatala."

"Kuchipatala kuli jekeseni wa majini?" Sufiyani anaseka, koma maso ake anali ofiira. Mwajuma ndiye anamulera Sufiyaniyo. "Kapena si majini. Kapena ndi za kumtundu. Kwathu kulibe wotere, ife timalankhula ngakhale tili mtulo. Koma taonani bambo akewa! Munthu kutha sabata ndi mawu asanu. Mwana watengera, kungoti iye wapyoza."

"Akanatengera, akanayamba kale," anatero mayi Clementina. "Mwana uyu ankalongolola kuposa wailesi."

Sufiyani anapukuta nkhope ndi kofia yake.

"Mverani. Kupitirira Nayuchi, mbali ya Mozambiki, kuli sing'anga amene amasunga otere. Amakhala nawo miyezi itatu. Wothawathawa amamumanga mwendo ku chipika kuti asapite kunjanji. Lolemba ndimutenga. Ndipo inu alamu, tikakolola tikusudzulani mubwerere kwanu ku Ulongwe. Sindikukuthamangitsani, ndi mwambo. Mwana ndi wa mbumba yathu."

"Iyayi."

"Iyayi chiyani? Za sing'anga kapena za kusudzula?"

"Iyayi."

"Mwaona? Kulankhula ndi munthu uyu n'chimodzimodzi kumenya chidebe. Chidebe bola, chimalira." Anaimirira. "Lolemba, alamu. Sindidikira kuti mwana wa mlongo wanga afere m'manja mwa munthu wongoyang'ana."

Atapita, mayi Clementina anatsala akukonza mpango kumutu.

"Kuchipatala chathu chaching'onochi kuli a Blasius, amene akugawa phala la ana. Amafunsa mafunso ambiri ngati wapolisi, koma pitani. Mawa lomwe." Anayang'ana kumpapaya kuja. "Ine pali zina ndikanatha kunena, Che Usumani. Koma mwana si wanga."

*

Pachipatala panali amayi ambiri ndi ana otupa mapazi. Bambo ndinali ndekha. A Blasius anali munthu wamfupi, wa magalasi omanga ndi waya mbali imodzi. Anamuyeza Mwanaidi pa sikelo, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, anaomba m'manja kumbuyo kwake, iye anadzidzimuka.

"Akumva. Anadwalapo malungo aakulu, okomoka nawo?"

"Iyayi."

"Anagwapo, kumenyetsa mutu?"

"Iyayi."

"Kwanu kapena kwa mayi ake, alipo amene anadwalapo mutu?"

"Iyayi."

"Wayamba liti?"

"Febuluwale."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Bambo, mundithandize. Mwa awirinu, mwabwera ndi ndani kudzaonetsa kusalankhula?"

Namwino amene ankalemba pambali anaseka. Ine ndinawauza, mwachidule, zimene ananena Sufiyani ndi zimene ananena mayi Clementina.

"Za majini sindinaphunzire, sindinganame," anatero a Blasius. "Zinazo zimachitika. Matenda a maganizo ena amayenda m'magazi. Ena amabwera malungo akafika ku ubongo. Njala nayo imafooketsa mutu wa mwana, mayiwo sanalakwe. Ena amabwera ndi zimene mwana waona, kapena zimene zamuchitikira. Kawirikawiri sichikhala chimodzi. Inu mumagwira ntchito yanji?"

"Malata."

"Ndiye mukudziwa. Chidebe chimayamba chapyapyala, dzimbiri n'kudya, koma tsiku lodontha pamakhala pamene chagunda."

Anatsegula kabati n'kutulutsa bisiketi imodzi ya ana onyentchera. Anamupatsa Mwanaidi. Iye anaiika pa tebulo, anaithyola patatu, chidutswa china kwa ine, china chake, chachitatu m'kabokosi. Chivundikiro chitatseguka, fungo linadzaza chipinda. Namwino anagwira mphuno. A Blasius sanagwire.

"Mwanaidi, chachitatucho n'cha ndani?"

Mwana anandiyang'ana ine.

A Blasius anauza namwino kuti apite naye akamwe phala. Chitseko chitatsekedwa anafunsa, "Mayi ake ali kuti?"

"Anamwalira. Januwale. Ku Balaka."

"Mwanayu anauzidwa chiyani?"

"Kuti ali ku Balaka."

"Basi?"

Ndinayang'ana manja anga. Panali chinthu china chimene sindinauzepo munthu. Kumayambiriro kwa Febuluwale, Mwanaidi anamenyana ndi Nasra, mwana wa Sufiyani, mpaka kumung'amba diresi. Anabwera kwa ine akupuma mwamphamvu. Anati, "Baba, Nasra akuti amama anafa. Akunama eti?" Ndinali ndi chidebe pamiyendo. Ndinati, "Usamvere za ana." Anaima pamenepo nthawi yaitali akundiyang'ana. Amenewo ndiwo anali mawu ake omaliza.

Ndinawauza a Blasius. Anapukuta magalasi ndi malaya.

"Sindikuweruzani. Ndi mmene tonse tinaleredwera. Ine bambo anga anapita ku Joni ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinadziwa ndili Sitandade 7 kuti Joni yake inali manda a kuseri kwa tchalitchi." Anavala magalasi. "Mwana wanu anamva kulira kwa amayi a m'mudzi, anaona nkhope zanu. Mbali ina akudziwa. Mbali ina akukhulupirira inu, chifukwa ndinu bambo ake. Akanena kuti anafa, ndiye kuti inu ndinu wabodza. Akanena kuti ali moyo, mtima ukukana. Ndiye wasankha kusanena chilichonse. Umu ndi mmene ndikuonera ine. Ndikhoza kulakwa."

"Mankhwala?"

"Phala ndikupatsani, abwere sabata iliyonse. Zikapitirira ndidzakulemberani kalata ya ku Zomba. Koma mankhwala oyamba ali m'kamwa mwanu."

"Mumuuze ndinu. Mumadziwa mawu."

"Iyayi, bambo. Ine sanandifunse. Anafunsa inu."

*

Ndinayesa Loweruka lomwelo. Ndinayesa Lamulungu. Ndinkakhala pafupi naye, n'kutsegula pakamwa, n'kutsekanso. Mwajuma akanatha ndi mpweya umodzi. Ine zaka zonsezo ndinali nditasiya ntchito imeneyo m'manja mwake.

Lolemba m'mawa, Sufiyani asanabwere, ndinamuveka Mwanaidi diresi lake la pa Idi. Ndinasiya mbaula ziwiri kwa mayi Clementina kuti andipezere ndalama ya ulendo.

"Mlamu wanu akafunsa ndinene chiyani?"

"Balaka."

Mwanaidi anamva liwu limenelo. Anatukula mutu. Ndinaona chinthu chimene sindinachione miyezi iwiri: anamwetulira. Anathamangira m'nyumba, anatenga mpango n'kubisa pamene anazula tsitsi paja. Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ankaganiza kuti tikukatenga mayi ake.

M'sitima anakhala pawindo, kabokosi atakakumbatira. Ankapukuta chivundikiro ndi m'mphepete mwa diresi. Ndinati ndinena tikafika pa Liwonde. Tinawoloka Shire, iye akuloza mvuu ndi chala, akundikoka malaya kuti ndione. Sindinanene. Ndinati ndinena pa Nkaya. Pa Nkaya panakwera anthu ambiri. Sindinanene.

Pa Balaka anatsika patsogolo panga, akuyang'ana nkhope ya mayi aliyense. Ndinamugwira dzanja. Tinadutsa msika, tinadutsa pamene panali mzere wa chimanga uja, tinatuluka m'tauni. Nyumba zitayamba kuchepa, mapazi ake anayamba kulemera. Ataona mitengo ndi mitumbira, anaima.

Kwathu mwana salowa kumanda, makamaka wamkazi. Ndinamunyamula.

Mitumbira ya kolera inali m'mizere kumapeto, yambiri yopanda dzina, udzu utamera kale. Wathu ndinaudziwa. Tsiku lija ndinabwera ndi Sufiyani, ndinadula kachidutswa ka lata, n'kulemba dzina pobowola ndi msomali, n'kukazika kumutu. Kanali pomwepo, katachita dzimbiri pang'ono.

Mwanaidi anali Sitandade 3, ankatha kuwerenga. Ndinaona maso ake akupita pa kachidutswa ka lata kaja. Zikanakhala zosavuta kumusiya awerenge yekha. Lata likanandilankhulira, monga linkachitira moyo wanga wonse. Ndinagwada n'kuphimba dzinalo ndi dzanja.

"Mwanaidi. Yang'ana ine."

Anandiyang'ana.

"Amama anamwalira. Anadwala kolera ali pamzere wa chimanga. Anaikidwa pano. Sabweranso. Sitima iliyonse imene unadikira, munalibe."

Ndinachotsa dzanja.

Anawerenga, milomo ikuyenda. Anawerenganso. Kenako anatukula kabokosi ndi manja awiri n'kundimenya nako pachifuwa. Anamenyanso paphewa, pakamwa. Ngodya zake ndinazipinda ndekha, ndinkadziwa kuthwa kwake. Sindinatchinge. Mawu atatuluka anali osasa, ngati a munthu wamkulu.

"Nasra sananame!"

"Sananame."

"Munanama ndinu!"

"Ndine."

"Ndinawasungira! Tsiku lililonse ndinawasungira!"

"Ndinaona."

"Ndiye osanena bwanji?"

 

"Ndinkaopa. Ndikanena, zikhala zoona."

Analira mpaka mthunzi wa mtengo unasuntha kuchoka pa ife. Inenso, kwa nthawi yoyamba chimwalirire Mwajuma. Atatopa anatsegula kabokosi. Munali zinthu zakuda, za nkhungu, zosadziwika kuti zinali chiyani. Pamwamba pokha m'pamene panali kachidutswa ka bisiketi ka Loweruka. Anakhuthula zonse pambali pa mtumbira, anatsuka mkati ndi mchenga, n'kufunsa ngati amama anamva kuwawa. Ndinati anamva, koma tsiku limodzi. Anafunsa ngati anapeza chimangacho. Ndinati iyayi. Anafunsa zambiri. Ndinayankha zonse. Sindikhulupirira kuti ndinalankhulapo chotero, kale kapena pambuyo pake.

Sanachire tsiku limenelo. Kunjanji sanapitenso, koma tsitsi anazulabe mpaka dzinja lotsatira, ndipo panali masabata amene mawu ankathawanso. Tinkapita kwa a Blasius Lachiwiri lililonse. Sufiyani anakwiya mwezi wathunthu, kenako anayamba kuuza anthu kuti mzimu wa mlongo wake unkafuna kuona mwana, n'chifukwa chake zinatheka. Mayi Clementina mpaka lero amati linali phala. Za kusudzula anazinena kawiri. Kawiri konse ndinati iyayi, ndipo ndikadali pa Nsanama. Mwanaidi tsopano ali ndi ana ake awiri ku Liwonde. Amalongolola ngati mayi ake, kupatula mu Febuluwale, pamene amachepetsa mawu ndipo mwamuna wake amadziwa kuti asamufunse.

Koma chimene chimandibwerera ndikakhala ndekha pakhonde ndi madzulo a tsiku lomwelo. Sitima yobwerera inali ya mawa lake, ndiye tinakhala pa benchi ya siteshoni ya Balaka, dzuwa likadalipo. Mlomo wanga unali utatupa. Mayi wina wogulitsa mtedza wauwisi wophika, woyamba wa chaka chimenecho, anatiyang'ana kwa kanthawi, n'kutapa dzanja limodzi, n'kuthira pa diresi la Mwanaidi.

Mwanaidi anauika pa chivundikiro cha kabokosi. Anayamba kugawa ndi chala: uwu kwa ine, uwu kwake, uwu pambali. Mtedza utatu unali utafika kale pambalipo pamene dzanja linaima.

Linakhala m'mwamba nthawi yaitali. 

Kenako anakankhira umodzi ku mulu wanga, wina ku mulu wake. Wotsalawo anauswa, anatulutsa njere ziwiri, n'kundipatsa imodzi.